PHUNZIRO 7: BONDO LA MSILIKALI WOPUMA NDI KALATA YOMUKANIZA CHIPUKUTAMISOZI

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziro lino tikufuna kuti aliyense adziwe zimene msilikali wopuma, kapena banja lake, angachite pamene pempho lake la chipukutamisozi cha kuvulala kwa bondo lakanidwa. Mtsogoleri wa zokambirana ayambe waliwerenga yekha phunziroli asanabwere nalo ku mphakati, ndipo ngati m'dera lanu muli asilikali opuma kapena amayi amasiye a asilikali, muwaitane, ngakhale akhale a mpingo wina kapena Asilamu.

Mau oyamba

Aliyense amene anaonererapo mganda kapena malipenga kuno kunyanja akudziwa kuti magule amenewa ali ndi fungo la usilikali. Mizere yoongoka, zovala zofanana, kuponda pamodzi, maudindo onga a kingi ndi kaputeni, zonsezi makolo athu anazitengera ku perete wa asilikali, makamaka itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Pa nkhondo imeneyo anthu a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali, ndipo ena zikwi zambiri anamenya nkhondo m'gulu la King's African Rifles. Pa nkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945 ana a Nyasaland anafika ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar mpaka ku Burma.

Titalandira ufulu wodzilamulira ntchitoyi siinathe. Kuyambira chaka cha 1987 asilikali a Malawi analondera njanji ya ku Nacala m'kati mwa nkhondo ya ku Mozambique. Mu December 1993 analanda zida a Payoniya pa ntchito ija inatchedwa Operation Bwezani. Anatumizidwa kukasungitsa mtendere ku Rwanda mu 1994, ku Ivory Coast mu 2011, ndipo kuyambira 2013 akhala akutumikira kum'mawa kwa dziko la Congo. Mu November 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi tauni ya Beni. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo bungwe la United Nations linampatsa mendulo yapamwamba ya kulimba mtima mu May 2019.

Akufa timawakumbukira chaka ndi chaka mu November, pogula maluwa ofiira aja ndi poika nkhata pa zipilala za chikumbutso. Nkoyenera kutero. Koma alipo ena amene anabwerako amoyo, miyendo yonse iwiri ilipo, popanda chipsera cha chipolopolo choti n'kuonetsa anthu, komabe lero sangathe kukwera bwato kapena kunjuta. Tsiku la mganda mudzawapeza atakhala pampando pambali pa bwalo, mwendo umodzi atautambalitsa. Phunziro lino ndi la anthu amenewa.

Tiyerekeze

Nkhani iyi ndi yongoyerekeza, koma ambiri muizindikira. Bambo wina wa m'dera la Mfumu Malengachanzi analowa usilikali ali mnyamata. Tsiku lina pophunzira kudumpha, katundu ali kumsana, anatera molakwika ndipo bondo lakumanja linapotokola. Linatupa. Kuchipatala cha kubalaki anampatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi masiku owerengeka opumula. Kutupa kutaphwa iye anabwerera pamzere, ndipo sanadandaulenso, chifukwa anaopa kuti akamapitapita kuchipatala amuchotsa pa kosi, anzake n'kukwezedwa iye n'kutsala. Anatumikira zaka zambiri, napuma bwinobwino.

Lero bamboyo ali ndi zaka zoposa makumi asanu. Pamchenga sayenda mtunda. Khoka sakoka. Kuoka mpunga m'dambo anawasiyira akazi ake ndi ana, ndipo kutchalitchi amakhala pansi pamene anzake akugwada. Analemba kalata yopempha chipukutamisozi. Patapita miyezi yankho linabwera la mizere itatu, lakuti pempho lake silinavomerezedwe. Iye anapinda kalatayo, naiika m'sutikesi, nati: "Boma ndi boma, munthu sungalimbane nalo."

Tisanapitirire, gulu liyankhe: kodi bamboyu analakwitsa pati? Nanga ofesi imene inamuyankha inalakwitsa pati?

Chifukwa chake bondo limavuta mochedwa

Pa bondo pamakumana fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo, ndipo patsogolo pake pali kafupa kena kobulungira. Mafupawa amangidwa ndi mitsempha yolimba ngati zingwe, ina m'mbali, ina yopingasana m'kati. Pakati pa mafupa awiri aja pali tizidutswa tiwiri tofewa timene timagwira ntchito yonga ya nkhata imene amayi amaika pamutu posenza ndowa: timalandira kulemera kuti fupa lisagundane ndi fupa linzake. Munthu akamangoyenda, bondo limasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kawiri kapena katatu. Tsono ganizirani msilikali amene akuthamanga ndi mfuti, zipolopolo ndi chikwama kumsana, kapena amene akutera pansi ndi parachuti monga amachitira a ku Salima.

Nkhata ija ikang'ambika, kapena chingwe cha m'kati chikaduka, kutupa kumatha pa milungu ingapo ndipo mnyamata wa minofu yamphamvu amaoneka ngati wachira. Koma bondo limakhala likugwedera pang'onopang'ono, mafupa n'kumaperesana. Madokotala a mafupa anapeza kuti mwa anthu amene anavulala motere, pafupifupi theka amadzadwala nyamakazi ya bondo lomwelo pakatha zaka khumi mpaka makumi awiri. Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Ngozi inachitika munthu ali pa ntchito, koma kulumala kumafika iye atavula kale yunifomu. Wolandira pempho muofesi akaona bambo wa imvi akudandaula maondo, chimene chimabwera msanga m'maganizo mwake ndi ukalamba. Ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona, pakuti nyamakazi imagwiranso asodzi ndi alimi amene sanagwirepo mfuti.

Pali chinanso. Chithunzi cha X-ray chimaonetsa mafupa, osati zingwe ndi nkhata zija. Munthu angathe kukhala ndi chingwe choduka koma chithunzi n'kutuluka chooneka bwino. Ndiye ngati mwakanidwa chifukwa chakuti "chithunzi sichikuonetsa kanthu", nkhani siinathe. Wodziwa za mafupa amaligwira bondo ndi manja, kulikoka ndi kulipotoza kuti aone ngati likugwedera, ndipo akaona kuti nkofunika amatumiza wodwala kukajambulidwa ndi makina a MRI. M'zipatala za m'maboma mumapezeka akadaulo a za mafupa, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985. Yambirani pa chipatala cha boma pa Nkhotakota. Vuto likawakulira angakutumizeni ku Lilongwe, kumene pa Kamuzu Central pali chipatala cha mafupa cha LION chimene chinatsegulidwa mu 2023.

Apa tipatukeko pang'ono. Bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kumatentha, thupi lonse n'kumaphwanya, imeneyo si nkhani ya makalata ayi. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musalitemere mphini.

Mafunso atatu amene ofesi imafunsa

Kulikonse kumene boma limalipira asilikali ovulala, mafunso amakhala atatu. Loyamba: kodi munthuyu ali ndi vuto lero limene dokotala walitsimikiza ndi kulilemba? Lachiwiri: kodi pali chimene chinamchitikira ali pa ntchito ya usilikali? Lachitatu: kodi vuto la lero linachokera ku chochitika chija?

Anthu ambiri amathera mphamvu zao pa funso loyamba. Amafotokoza ululu, kusowa tulo, ana amene achotsedwa sukulu. Zonsezi ndi zoona ndipo ndi zomvetsa chisoni, koma funso loyamba ndi limene kawirikawiri ofesi siitsutsa. Mapempho amagwa pa funso lachiwiri ndi lachitatu, ndipo mafunso amenewa amayankhidwa ndi mapepala.

Pa funso lachiwiri, mboni yaikulu ndi failo ya msilikaliyo: zolemba za chipatala cha kubalaki, chikalata chimene anampatsa kuti agwire ntchito zopepuka, lipoti la ngozi, ndi zotsatira za kuyezedwa kwake polowa ndi potuluka usilikali. Chikalata cha polowa nchofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa chimasonyeza kuti munthuyu analowa maondo ali abwino. Ngati m'failo mulibe kanthu, musataye mtima. Anzake amene anali naye pa tsikulo, kapena sajeni amene ankamuona akutsimphina, angathe kulemba umboni ndi kuulumbirira pamaso pa majisitireti. Makalata amene ankalembera kunyumba, zithunzi zimene anajambulitsa atamanga bandeji, kabuku ka kuchipatala ka zaka zoyambirira atangopuma, zonsezi zimathandiza kulumikiza zaka zimene zadutsa. Mayi wa pakhomo nayenso ndi mboni. Iye ndiye akudziwa chaka chimene anayamba kuthowa bondolo ndi madzi otentha.

Funso lachitatu angaliyankhe ndi dokotala yekha. Popita kwa iye tengani mapepala akale aja, mumfotokozere mmene ngozi inachitikira, ndipo mumpemphe kuti m'lipoti lake alembe maganizo ake ngati vuto la lero likugwirizana ndi kuvulala kuja, ndi chifukwa chimene akuganizira choncho. Lipoti longonena kuti "ali ndi nyamakazi" silikuthandizani kwenikweni. Lipoti lonena kuti nyamakaziyo yakula kwambiri pa bondo limene linavulala, pamene linzake lili bwinoko, lili ndi mphamvu. Muuzeninso ngati bondo linalo, chiuno kapena msana zayamba kupweteka chifukwa choyenda motsimphina kwa zaka zambiri, kuti nazonso azilembe.

Pa tsiku loyezedwa asilikali ambiri amadzipweteka okha. Anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndiye dokotala akafunsa amati "ndili bwino, bwana", n'kuluma mano, n'kupinda bondo mpaka pamapeto. Dokotala amalemba zimene waona. Nenani pamene ululu wayambira. Fotokozani mmene bondo limakhalira pa masiku oipa, m'nyengo yozizira ya mwera kapena mutayenda kuchokera ku Linga mpaka ku Chia: kangati pamwezi limatupa, kangati lakugwetsani, kangati lakakamira osatambasuka. Musaonjezere, komanso musachepetse.

Kalata yokana iyenera kukhala ndi zifukwa

Tibwerere kwa bambo uja ndi kalata yake ya mizere itatu. M'nthawi ya chipani chimodzi kalata yotere inali mapeto a nkhani, ndipo wofunsa chifukwa ankaoneka ngati woukira. Malamulo oyendetsera dziko lino amene tinalandira mu 1994 anasintha zimenezi. Gawo 43 likunena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wakuti ofesi za boma zimchitire zinthu motsata malamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chigamulo cha ofesi chikukhudza ufulu wake kapena zimene amayembekezera moyenera. Mau akuti "munthu aliyense" sakupatula msilikali wopuma. Kufunsa zifukwa si mwano, ndipo si kusamvera akuluakulu.

Choncho choyamba kuchita mukalandira kalata yokana ndi kulemba tsiku limene mwailandira, kenaka n'kuyankha msanga. Kalata yanu isatalike. Tchulani dzina lanu, nambala yanu ya usilikali, gulu limene munali ndi zaka zimene munatumikira. Tchulani tsiku ndi nambala ya kalata yao. Nenani kuti simukugwirizana ndi chigamulocho, ndipo mukupempha zinthu zitatu: zifukwa zonse zolembedwa monga likunenera Gawo 43, makope a zolemba za kuchipatala zimene anagwiritsa ntchito, ndi dzina la ofesi imene mungakachiteko apilo pamodzi ndi nthawi imene mwapatsidwa. Pa nkhani ya makope muli ndi chothandizira china. Gawo 37 la malamulo omwewa, pamodzi ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani zosungidwa ndi boma limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, zikukulolani kupempha zolembedwa zokhudza inu. Nzoona kuti zinsinsi za chitetezo cha dziko siziperekedwa, koma bondo lanu si chinsinsi cha dziko.

Zifukwa zikabwera, apilo yanu iyankhe chifukwa chimene chaperekedwacho, osati china. Ngati akuti palibe umboni wakuti munavulala pa ntchito, funani mboni. Ngati akuti ndi ukalamba, funani lipoti la dokotala. Ngati avomera kuti munavulala koma akuti kulumala kwake nkochepa, pemphani kuti muyezedwenso. Kutumiza kalata yomwe ija kachiwiri, mutangoonjezera mau odandaula, kumabweretsa yankho lomwe lija.

Musapereke konse chikalata chenicheni. Perekani fotokope, ndipo kope imene yatsala ndi inu aidinde chidindo ndi kulembapo tsiku. Mapepala a kuno kunyanja ali ndi adani ambiri: chiswe, chinyezi, madzi osefukira. Asungeni m'pulasitiki, ndipo ngati pali mwana amene ali ndi foni yojambula, awajambule.

Makomo otsekeka ndi makomo otseguka

Ambiri amataya ndalama ya basi pogogoda khomo lolakwika. Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000 silikhudza asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, kupatula anthu wamba olembedwa ntchito m'nthambi zimenezi. Lamulo la chipukutamisozi cha anthu ovulala pa ntchito, la chaka chomwecho, nalonso silimuwerengera msilikali. Ndiye kuvulala kwa kubalaki kapena kwa kunkhondo si nkhani ya ofesi ya Leba. Asilikali ali ndi malamulo aoao, ndipo dandaulo limayambira ku likulu lao, kudzera m'ofesi zoona za penshoni ndi zaumoyo. Koma zindikirani ichi: asilikali ambiri akapuma amalowa ntchito ya ulonda. Ngati bondo lavulala pa ntchito yatsopanoyo, pamenepo ofesi ya Leba ya paboma ndiyo khomo loyenera, ndipo muyenera kukanena msanga chifukwa lamulo linaika malire a nthawi.

Mukayesa njira za m'kati koma osayankhidwa, kapena failo yanu ikangoti "ikufufuzidwa" chaka ndi chaka, pali ofesi ya Ombudsman, yomva madandaulo a anthu. Gawo 123 linaipatsa mphamvu yofufuza nkhani iliyonse imene munthu akuti wachitiridwa zosalungama pamene palibe njira ina yapafupi yopezera chilungamo kukhoti. Salipiritsa, ndipo sipafunika loya. Kuchedwetsa nkhani, kutaya failo ndi kukana kupereka zifukwa ndiwo matenda amene ofesiyi imachiza. Chitsanzo chilipo. Bwalo lapadera limene linakhazikitsidwa kuti lipepese anthu ozunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi linatsekedwa mu 2004 anthu zikwizikwi asanalipidwe. Mu 2017 Ombudsman wa nthawiyo, mayi Martha Chizuma, anaifukula nkhaniyo nalamula boma kuti liikonze. Ofesiyi siponya ndalama m'thumba la munthu tsiku lomwelo, koma imachititsa kuti nkhani yokwiriridwa iyambenso kuyankhidwa.

Khomo lina ndi Bwalo Lalikulu la Milandu, limene lingathe kuunika chigamulo cha ofesi ya boma. Woweruza sayeza bondo. Iye amaona ngati ofesiyo inatsata malamulo, ngati inakumverani, ndiponso ngati zifukwa zake zili zomveka. Akapeza cholakwika amafafaniza chigamulocho ndi kulamula kuti nkhani iunikidwenso. Chenjezo lalikulu lili pa nthawi: pempho lotere liyenera kufika kukhoti pasanathe miyezi itatu chigamulo chiperekedwere. Khoti lingathe kuonjezera nthawi ngati pali chifukwa chomveka, koma musadalire zimenezo. Miyezi itatuyo siima chifukwa chakuti inu mukudikira yankho la kalata ina. Nchifukwa chake nkwanzeru kukaonana ndi a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, m'milungu yoyambirira yomwe, kuti akuuzeni khomo loyenera nkhani yanu.

Liliponso bungwe la asilikali opuma la VELOM, limene kale linkatchedwa CELOM. Silo limene limagamula za chipukutamisozi, koma kumeneko nkumene mungapeze anzanu akale amene angakuchitireni umboni, ndi ena amene anayendapo kale njira imeneyi.

Amene anavulala ali ku ntchito ya United Nations

Msilikali amene wavulala kapena kudwala ali pa ntchito yosungitsa mtendere ali ndi njira ina yapadera. Bungwe la United Nations limalipira chipukutamisozi cha imfa ndi cha kulumala kosatha. Mu 2018 ndalama ya imfa inakwezedwa kuchoka pa madola 70,000 kufika pa madola 77,000 a ku America, ndipo wolumala amalandira gawo la ndalamayo molingana ndi kukula kwa kulumala kwake monga ayezera madokotala. Msilikali sapempha yekha. Pempho limatumizidwa ndi boma lake kudzera ku ofesi ya kazembe ku New York. Bungweli limayang'ana ngati ngoziyo inalembedwa pa nthawi imene inachitika, ndipo silipereka kanthu pa matenda amene munthu anapita nawo kuchokera kwao. Ndiye inu amene muli ndi ana ku Congo, auzeni kuti akapotokola bondo asabise poopa kubwezedwa kumudzi. Amene anabwerako kale ali ndi ufulu wofunsa mwa kalata ngati pempho lao linatumizidwa, tsiku limene linatumizidwa, ndi yankho limene linabwera.

Mmene amachitira ku America

Nkothandiza kuona mmene ena anakonzera nkhani imeneyi, osati chifukwa chakuti kwao zonse zili bwino, pakuti nakonso asilikali opuma amadikira zaka. Ku United States kuli unduna wathunthu woona za asilikali opuma, wotchedwa VA, ndipo mavuto a bondo ali m'gulu la madandaulo ochuluka kwambiri amene undunawu umalandira. Chimene anachita bwino ndi kuika muyeso poyera. Bondo labwino limatambasuka mpaka kuongoka ndipo limapinda mpaka madigiri 140. Ngati likupinda mpaka madigiri 45 okha, kulumala kwake amakuwerengera 10 peresenti. Mpaka madigiri 30, ndi 20 peresenti. Mpaka madigiri 15, ndi 30 peresenti. Kulephera kutambasuka ndi kugwedera kwa bondo zili ndi miyeso yakeyake. Mu 1995, pa mlandu wa DeLuca, khoti la asilikali opuma linagamula kuti woyeza asangoona madigiri okha, koma aganizirenso ululu, kufooka ndi masiku amene vuto limakula. Kuyambira February 2019 wokanidwa amapatsidwa chaka chimodzi kuti asankhe imodzi mwa njira zitatu: kubweretsa umboni watsopano, kupempha kuti mkulu wina aunikenso failo yomweyo, kapena kukaonekera kwa woweruza wa bwalo la apilo.

Ife tikuona kuti phunziro lake ndi ili: munthu akadziwa muyeso umene akuyezedwa nawo, amatha kuona yekha ngati walakwiridwa kapena ayi, ndipo sipakhala malo a ziphuphu. Palibe choletsa nzika za Malawi kupempha aphungu ao kuti miyeso ndi njira za apilo za asilikali athu zilembedwe m'Chichewa ndi kupachikidwa pa ofesi ya bwanamkubwa aliyense.

Mbiri ikutikumbutsanso kuti chimene sichinafunsidwe pa nthawi yake chimavuta kuchipeza. Nkhondo yachiwiri itatha, boma la Britain linapereka ndalama yothokoza asilikali mosankha khungu: msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wachikuda ankalandira mashiling'i atatu ndi theka. Chikalata chosonyeza zimenezi chinadziwika kwa anthu mu 2019, eni ake ambiri atamwalira kale. Mu November 2018 boma lomwelo linalengeza thandizo la mapaundi 11.8 miliyoni loti asilikali akale a m'maiko a Commonwealth ndi akazi ao amasiye azidya kawiri pa tsiku. Linali thandizo la chifundo, lofika patatha zaka zoposa 70.

Akamberembere, ndi bodza

Paliponse pamene pamveka fungo la chipukutamisozi pamatera akamberembere. Amabwera ndi chikwama cha mapepala, amati ali ndi m'bale ku likulu, ndipo amapempha "ya fomu" ndi "ya mayendedwe". Mabanja a amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku WENELA ndi TEBA akudziwa mmene kudikira kwa zaka kumafooketsera munthu mpaka kukhulupirira aliyense wolonjeza. Munthu amene akufuna kutenga chikalata chanu chopumira usilikali kapena chiphaso chanu cha unzika kuti "akakuyendetsereni", mkanizeni. Ndalama iliyonse yolipira ku ofesi ya boma iyenera kukhala ndi lisiti la boma.

Mbali inayo nayo tiinene mosabisa. Si bondo lililonse la msilikali wopuma limene linavulala pa ntchito. Wina anagwa pa njinga yamoto atapuma kale, wina ndi ukalamba basi. Kugula lipoti la dokotala kapena kulumbirira umboni wabodza ndi mlandu, ndipo kumachititsa kuti ovulala enieni azikayikiridwa. Ngati mnzanu wakale akukupemphani kuti muchitire umboni ngozi imene simunaione, muuzeni kuti mulemba zokhazo zimene mukudziwa, mwina kuti munamuona akutsimphina chaka chakutichakuti. Amene vuto lake silinachokere ku usilikali asaone ngati watayidwa. Iye ali ndi ufulu wa munthu aliyense wolumala, ndipo angathe kufunsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma za thandizo limene lilipo, monga Mtukula Pakhomo, ngati banja lake likukwanira pa zoyenereza zake.

Zoti tikambirane

1. M'mudzi mwathu kapena mu mphakati wathu muli asilikali opuma angati, ndi amayi amasiye a asilikali angati? Kodi tikudziwa ngati mapepala ao alipo, ndi kumene akusungidwa?

2. Bambo wa m'nkhani ija anati munthu sungalimbane ndi boma. Kodi kupempha zifukwa zolembedwa ndi kulimbana ndi boma? Nanga nchiyani chimatiopsa ife tikafika pa khomo la ofesi?

3. Tiyerekeze kuti kalata yake anailandira miyezi iwiri yapitayo. Gulu ligawane pawiri: ena alembe kalata yopempha zifukwa, ena akonze mndandanda wa mboni ndi mapepala amene ayenera kufunidwa sabata ino. Kenaka muwerengerane.

4. Ndani pakati pathu amene amalemba bwino Chichewa ndi Chingerezi, amene angadzipereke kuthandiza kulemba makalata otere popanda malipiro? Nanga ndani angaperekeze wodwala bondo kuchipatala cha paboma pa tsiku loonana ndi wa za mafupa?

Mlembi alembe maina a odziperekawo ndi tsiku limene adzabweretse lipoti ku gulu.